Chislovaki cha Amayi cha pa Basi

Kawokimani kaja kanali kanga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa mpaka lero amayi akamakamba nkhaniyi amati "kawailesi kathu kaja," ndipo ine, mzimayi wamkulu wa ana awiri, ndimamvabe kanthu kakundilasa pachifuwa. Sikanali kathu ayi. Kanali kofiira, kukula kwake ngati sopo wochapira, kolizira kaseti, kali ndi mahedifoni a siponji yachikasu imene inkayabwa m'makutu kukatentha. Amalume ndiwo anandigulira nditangofika ku America, nandiuza kuti, "Aka n'kako wekha, usabwereke munthu." Ndinkagona nako kunsi kwa pilo. Kenaka chilimwe cha 1996 chitangoyamba, titatsekera sukulu, amayi anakabwereka. Anati sabata imodzi yokha. Kanabwerera m'manja mwanga sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa.

Amayi anandisiya kumudzi ku Ntcheu ndili wamng'ono kwambiri, m'manja mwa agogo, mayi awo owabereka. Iwo anabwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba. Ndinakula ndikuwadziwa pa chithunzi ndi pa makatoni a zovala amene ankafika nthawi ya Khirisimasi. Agogo atamwalira amayi sanabwere kumaliro, poti mapepala awo anali asanalongosoke, ndipo akanatuluka m'dziko muno sakanaloledwa kubwereranso. Mapepalawo atatuluka, anatumiza tikiti ya ndege, ine n'kuwatsatira. Ndinali ndi zaka khumi. Ndinafika ndi sutikesi yopepuka ndi njala ya mayi ya zaka zambiri, ndipo ndinkaona kuti ndiyenera kudya ndekha mpaka nditakhuta.

Koma mayi amene ndinawapeza m'kanyumba kathu ka pamwamba ku Wheaton sankandidziwa. Ankandiphikira mazira owiritsa m'mawa uliwonse, osadziwa kuti amandichititsa nseru. Chipsera cha pabondo langa anachiona pondidzoza mafuta, koma sanafunse kuti ndinachitenga kuti, ine n'kukhala ndi nkhani yonse ya mtengo wa mapichesi ili pakamwa. Za matenda a agogo ndi imfa yawo sanandifunsepo ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinanenepo kanthu. Kusukulu anzanga ankaseka kalankhulidwe kanga, ndiye Chingerezi ndinachigwira ndi manja awiri. Amayi akandilankhula m'Chichewa ndinkawayankha m'Chingerezi. Mwina kunali kuzolowera chabe, koma ndikaganiza lero munalinso kamwano.

Chilimwe chimenecho panalibe wondisiyira, choncho ndinkapita nawo kuntchito. Ankasamalira gogo wina wachizungu m'nyumba ya njerwa zofiira, ulendo waufupi pa basi kuchokera kwathu. M'nyumbamo munkanunkhira kabichi wowawasa ndi mankhwala opukutira mipando. Gogoyo tonse tinkamutchula kuti Babka, ndiye kuti agogo m'chilankhulo cha kwawo ku Slovakiya. Anabwera ku America ali mtsikana, nalankhula Chingerezi moyo wawo wonse, koma ukalamba utawagwira m'mutu Chingerezicho chinatha ngati madzi m'chidebe chobooka. Chinatsala ndi Chislovaki cha paubwana wawo. Mwana wawo wamwamuna, bambo wa imvi kale, wobadwira konkuno, ankachimva pang'ono chabe. Ankabwera madzulo akaweruka, n'kumangowagwira dzanja mayi akewo.

Vuto la Babka linali limodzi. Akangotha kudya chamasana ankavala chijasi chaubweya, kunja dzuwa likuswa mtengo, n'kumanga mpango kumutu, n'kukoleka kachikwama pamkono. Kenaka ankaima pakhomo. "Idem domov. Kedy ide autobus?" Ndikupita kwathu, basi ibwera nthawi yanji? Amene ankawasamalira Babka amayi asanabwere ankangokhoma chitseko, Babka n'kumachimenya mpaka manja kuchita mikwingwirima. Amayi anaona zimenezi masiku awiri, tsiku lachitatu anakalankhula ndi mwana wawo uja. Mawu amene anandiuza ine pobwerera ndimawakumbukabe: "Kwathu mlendo akatsanzika sitimukhomera chitseko. Timamuperekeza."

Ndiye anayamba kuwaperekeza. Tinkatuluka atatu, Babka atakolowekana mkono ndi amayi, ine m'mbuyo nditanyamula botolo la madzi ndi ambulera ngati wantchito. Tinkakwera basi yodutsa kumasitolo aakulu aja, n'kuzungulira nayo mpaka itatibweza pa siteji yomwe tinakwerera. Potsika Babka ankakhala atatopa, mtima uli m'malo, n'kulowa m'nyumba mwawo momwemo ngati munthu amene wafikadi kumene amapita. Chovuta chinali chakuti m'basimo ankafunsa mafunso. Akayankhidwa m'Chingerezi maso ankatuzuka, n'kuyamba kunjenjemera ndi kukoka chingwe choimitsira basi. Amayi anati palibe kuchitira mwina, aphunzira mawu a pa basi m'chilankhulo cha gogoyo.

Apa m'pamene analowera aphunzitsi. Anali mkulu wina wa kutchalitchi kwa Babka, wopuma pa ntchito, wamtali, wa nsidze zambiri ngati tsache. Ankachokera ku Annandale Loweruka lililonse pa kagalimoto kotsokomola, osalandira kanthu kupatula tiyi. Ndiwo anajambula kaseti ija. Ankanena mawu amodzi pang'onopang'ono, n'kusiya mpata woti munthu abwereze, n'kunenanso. Autobus. Zastávka, ndiye siteji. Lístok, tikiti. Vodič, dalaivala. Okno, windo. Kaseti yanga ya nyimbo za kwaya inatulutsidwa n'kuikidwa pamwamba pa filiji, m'malo mwake munalowa mawu a mkulu wa nsidze.

Kuyambira pamenepo amayi analibe makutu. Potsuka mbale, mahedifoni. Posita yunifolomu, mahedifoni. Ndikabwera ndi nkhani yanga ankakweza chala chimodzi kuti ndidikire, milomo ikugwedera, maso ali kudenga. "Prosím si dva lístky. Prosím si dva lístky." Ndipatseniko matikiti awiri. Awiri! Ife tinkakwera atatu, koma m'kaseti monse munalibe tikiti yachitatu. Ndikudziwa tsopano kuti aphunzitsi pojambula sankadziwa n'komwe kuti pali mwana, koma nthawi imeneyo ndinkati achita dala. Ndinkakhala pakona nditatupa ngati chule, kudikira kuti wina andifunse chimene chandikwiyitsa. Palibe anafunsa.

Chislovaki si chilankhulo chamasewera, abale. Mawu ake sakhazikika, amangosintha mchira. Tauni ndi mesto, koma ukamapitako umati do mesta, ukakhala uli komweko umati v meste. Ukamapita pa siteji ndi na zastávku, ukaimapo ndi na zastávke. Tikiti imodzi ndi lístok, awiri lístky, akafika asanu asanduka lístkov. Amayi ankagwira m'mutu. "Koma anthu awa! Tikiti yomweyi?" Aphunzitsi ankaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lina amayi anawabwezera, kuwauza kuti anene munthu mmodzi, anthu awiri, chinthu chimodzi, zinthu ziwiri, kamwana kamodzi, tiana tiwiri. Mkulu uja anatuluka thukuta, kenaka anakweza manja n'kunena kuti tafanana, ife timasintha mutu, iwo amasintha mchira. Chimene chinawasangalatsa kwambiri amayi n'chakuti Aslovaki nawonso ali ndi iwe ndi inu. Wamkulu sumuuza kuti sadni si, khala pansi. Umati sadnite si, khalani pansi. "Waona? Ndi anthu aulemu ngati ife," anatero amayi, nkhope ikuwala. Ine sindinawaonepo akuwala choncho pa chilichonse chimene ndinabwera nacho kuchokera kusukulu.

Lilime lawo ndilo linkawakaniza. Chislovaki chimaunjika zilembo popanda popumira, ndipo amayi ankaziikira popumira mwa iwo okha. Zastávka inkatuluka ngati zasitavuka. Lachinayi, limene iwo amati štvrtok, linkawatengera mpweya wonse, n'kutuluka lili shitivirutoko. Ine ndinkamva zonsezi ndili pansi pa tebulo ndi mabuku anga ojambula, ndikunamizira kuti sizikundikhudza. Koma mutu wa mwana ndi siponji. Posakhalitsa kaseti yonse inali m'mutu mwanga, michira yake yomwe. Ndinaganiza kuti ndapeza chida. Loweruka lina aphunzitsi anafunsa kuti munthu amati chiyani akafuna kunena kuti tikupita kutauni pa basi. Amayi anayamba kufufuza m'mutu, kukamwa kuli yasa. Ine ndinayankha kuchokera pansi pa tebulo, mokweza, mosaphonya: "Ideme do mesta autobusom."

Aphunzitsi anawerama, nsidze zili m'mwamba, n'kuomba m'manja. Ananditcha šikovná, ndiye kuti wochenjera. Ine sindinkayang'ana iwo. Ndinkayang'ana amayi, kudikira kuti achite manyazi, awawidwe mtima, amve mmene zimakhalira wina akakulanda malo. Ha! Amayi analulutira. Anandikoka pansi pa tebulo paja n'kundipsompsona pachipumi, kenaka n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino, tsopano apeza wowafunsa mafunso madzulo. Ndinalowa m'khola ndekha. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali kukhala pa bedi ndikuwafunsa kuti kukwera n'chiyani, kutsika n'chiyani. Nastupujeme, vystupujeme. Ankandiyang'ana m'maso tsopano, inde, koma ankafunamo mawu a Babka.

Chimene chinkandipweteka koposa chinali mpando. Amayi anga anali munthu wofatsa mpaka kunyansa. Kusitolo anthu ankawadumpha pamzere iwo n'kumangomwetulira. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Koma akangoponda m'basi ali ndi Babka ankasanduka munthu wina. Ankaponya makobiri m'kabokosi ka dalaivala, n'kutenga kapepala kosinthira basi n'kuwapatsa Babka m'manja kuti ndiyo tikiti yawo, kenaka maso ankayamba kusaka. Basi ikakhala yodzaza ankapita pa munthu amene wakhala pawindo, kaya ndi chimnyamata cha ndolo, kaya ndi bambo wa tayi, n'kuima pamenepo ndwii. Ankayamba ndi Chislovaki kuti Babka amve: "Je tu voľné?" Kodi pano pali munthu? Kenaka m'Chingerezi, mosanyengerera, ankamuuza kuti mayi awa akhala pamenepa. Sindinaonepo munthu akukana. Babka ankakhala pawindo, amayi pambali pawo, manja atagwirana. Ine ndinkaima, nditagwira chitsulo chotentha chonunkha manja a anthu, ndikuyang'ana kumbuyo kwa mitu yawo iwiri.

Ankacheza, anthu inu. Mawu amene amayi ankadziwa sakanadzaza n'kapu yomwe, koma ankacheza ulendo wonse. Babka ankaloza panja n'kutchula maina a midzi ya kwawo, pomwe panja pali malo omwetsera mafuta ndi masitolo a matayala. Amayi ankavomera. Pakapita kanthawi Babka ankafunsa, "Už sme doma?" Tafika kwathu? Amayi ankawasisita dzanja. "Ešte nie." Sitinafike. Ankanena mofewa, ngati mmene umalankhulira ndi mwana wodwala malungo. Mawu ofewa choncho ine ndinali ndisanawamvepo akulunjika kwa ine, m'chilankhulo chilichonse.

Lamulungu tikachoka kutchalitchi kunkabwera amalume, mlongo wawo wa amayi wamng'ono, amene ankayendetsa takisi. Anakhalitsa ku Lusaka asanabwere kuno, ndiye Chichewa chawo chinali chosakaniza, ndipo pakamwa pawo sipankauma nthabwala. Akawapeza amayi ali ndi mahedifoni ankayamba: "Manje asisi, mwapeza mwamuna ku Slovakiya? Tiuzeni tikonzeke, tikalandire malowolo." Amayi ankawaponyera chopukutira mbale. Tsiku lina ndinawatsatira amalume kukhonde kumene ankasutira fodya mobisala, n'kuwauza zonse. Ndinati amayi amakonda gogo wachizungu kuposa ine. Ndinati kawokimani munandigulira kaja analanda. Ndinati ine ndimaima m'basi ngati mbuzi ya pamsika. Amalume anaseka mpaka utsi kuwatsamwa. "Nsanje iwe! Sunamve kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe? Manje mayi wa mnzako naye ni chimodzimodzi." Koma atandiyang'ana n'kuona kuti misozi ili m'maso, kuseka kunatha. Anazimitsa fodya pachitsulo cha khonde. "Asiye amayi ako, mwana iwe. Ali pa ulendo." Ndinaganiza kuti akunena ulendo wozungulira masitolo uja, ndipo ndinawaona ngati nawonso andigulitsa.

Zinafika pachimake mwezi wa Ogasiti, tsiku lotentha moti phula linkamata kunsapato. Basi inali yodzaza tho. Babka anali pawindo monga mwa masiku onse, amayi pambali, ine chiimire pafupi nawo. Galimoto ina inadula kutsogolo, dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi. Ndinaona ndi maso angawa. Manja onse awiri a amayi anathamangira kwa Babka, kuwatchinga pachifuwa kuti asagunde mpando wakutsogolo, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo anali "Pozor!" Samalani. Ine ndinapita chamutu, mlomo n'kumenya pachitsulo. Ndinamva kukoma kwa magazi, kwa mchere, kofunda. Mayi wina wachilendo ndiye anandidzutsa.

Titatsika, Babka ali phee pa benchi ya pa siteji akusewera ndi tikiti yawo, amayi anagwada kuti andipukute. Ndinawakankha dzanja. Kwa miyezi yambiri ndinali ndisanalankhule nawo Chichewa chenicheni, koma tsiku limenelo chinabwera chokha, chonse. "Ndibwezereni kwathu! Agogo anga akanandigwira ine. Inu simundidziwa n'komwe. Pitani kwa mayi anu achizunguwo!" Ndinkayembekezera khofi, ndipo mwina ndinkalifuna. Amayi sanandimenye. Nkhope yawo inangoti zii, ngati nyumba imene azimitsa magetsi. Anandipukuta mlomo ndi kansalu konyowa, pang'onopang'ono, mpaka magazi atasiya. Kenaka anadzuka, n'kukoloweka mkono wa Babka, tonse n'kumapita. Madzulo ake sanavale mahedifoni. M'mawa mwake panalibe mazira, panali phala. Ndinaona, koma ndinakana kuthokoza.

Mapeto ake anabwera okha, ine osachitapo kanthu. Lamulungu lina m'mawa, tsiku limene amayi sankagwira ntchito, Babka anatuluka okha mwana wawo ali m'bafa. Apolisi anawapeza ataima m'mphepete mwa msewu waukulu, chijasi chili m'thupi, akuimitsa galimoto iliyonse yaikulu. Mwana wawo analira pafoni. Anati sangathenso, wawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba ku Germantown, kumene zitseko zake amakhoma. Amayi anangoti amva. Ine nditamva ndinalowa m'bafa, n'kutseka chitseko, n'kuvina. Ndikunena zoona, ndinavina, mlomo udakali wotupa.

Tsiku losamuka Babka anakana kulowa m'galimoto ya mwana wawo. Anagwira chitseko cha nyumba ndi manja onse awiri, akukuwa mawu amene ngakhale ine wochenjera uja sindinawamve. Bambo uja anayesa kuwanyengerera, anayesa kuwanyamula, kenaka anangokhala pa sitepe atagwira nkhope. Amayi anamuuza kuti atsogole ndi katundu. Iwo analowa m'nyumba, natuluka ndi chijasi chija, mpango ndi kachikwama. Anawaveka Babka bwinobwino, kumanga mabatani onse mpaka m'khosi. "Ideme na zastávku," anatero. Tiyeni ku siteji. Babka anasiya chitseko.

Unali ulendo wautali kuposa maulendo athu onse, wosintha basi ku Rockville. Kawiri konse amayi anawapezera mpando wa pawindo. Nyumba zinayamba kutalikirana, kunayamba kuoneka minda ndi mitengo, ndipo Babka anakhala tsonga, mphuno ili pagalasi, akutchula midzi yawo ija mofulumira. Ankafunsa pafupipafupi ngati tafika, amayi n'kumati ešte nie. Chislovaki cha amayi tsiku limenelo chinali chosalala, michira yonse ili m'malo mwake, moti aphunzitsi akanamva akanaomba m'manja. Titafika amayi anati vystupujeme, nawagwira potsika, nawachenjeza za sitepe. Pakhomo la nyumba ija panali anamwino awiri ndi mwana wawo. Babka anaima, nayang'ana chinyumba chachitali cha mawindo ofanana, kenaka anayang'ana amayi. "Už sme doma?" Amayi anatsegula pakamwa, osatuluka mawu. Ine yankho ndinkalidziwa, ešte nie, ndipo ndinadabwa kuti aiwala bwanji chinthu chophweka chotero. Kenaka anati, "Áno." Inde. Anawaperekeza mpaka m'chipinda, anawavula chijasi, anawakhazika pampando wa pawindo, n'kuwasiyira kapepala ka basi kaja m'manja.

Pobwerera basi inali yopanda anthu. Ndinathamangira pawindo, n'kukhalapo ndi thupi lonse, miyendo ndikuigwedeza. Amayi anakhala pambali panga. Anatsegula chikwama, natulutsa kawokimani, nakaika pamiyendo panga. "Eko kawailesi kako. Zikomo." Mtima wanga unkaimba. Mpando ndapeza, kawokimani kabwera, amayi ndi anga ndekha. Tinayenda mtunda ndithu. Kenaka, maso ali kutsogolo, anandifunsa ndi mawu aang'ono amene sindinawazolowere.

"Tsiku limene agogo ako ankapita kuchipatala, iwe unalipo?"

Ndinati ndinalipo. Ndinayankha m'Chichewa, poti zinthu zimenezo m'Chingerezi sindinkazidziwa. Ndinawauza monyadira kuti ndine ndinawaperekeza. Agogo anali atatsokomola nyengo yonse ya mvula, ndipo m'mawa umenewo anati akaonane ndi adokotala kuboma. Aliyense anali kumunda. Ine ndinawanyamulira kamtolo kawo pamutu mpaka pa siteji, tikupuma panjira chifukwa mpweya unkawathera. Basi itabwera anandiuza kuti ndibwerere ndikatsekere nkhuku, iwo abwera mawa. Anakwera okha. Sanabwerenso ndi basi, anabwera ndi lole ya maliro.

Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene akumva zimene akuzidziwa kale. Funso lawo lenileni linali lisanabwere.

"Anapeza mpando?"

Ndinaganiza kaye, chifukwa ndinkafuna kuyankha molondola, ngati kwa aphunzitsi. Ndinaionanso basi ija, matumba a chimanga padenga, anthu atapanikizana mpaka pakhomo, kondakitala akukankha agogo kumsana kuti chitseko chitsekeke. "Ayi," ndinatero. "Inali yodzaza. Anaimirira. Ndinawaona pawindo atagwira chitsulo."

Amayi sanalire. Anatambasula dzanja n'kugwira chitsulo cha mpando wakutsogolo, ngakhale anali atakhala pansi ndipo basi inkayenda bwinobwino. Anachigwira mpaka mitsempha ya padzanja kutuluka. Ine ndinavala mahedifoni anga n'kudina batani. M'makutu munamveka mawu a aphunzitsi, pang'onopang'ono, akufunsa ngati pano pali munthu, n'kusiya mpata woti wina abwereze. Ndinaitulutsa kasetiyo mokwiya n'kuwapatsa amayi, ndipo anailandira ndi manja awiri.

Papita zaka zambiri. Amalume anadzandiuza ndili wamkulu kuti amayi ankadziwa kuyambira tsiku la maliro kuti agogo anakwera basi okha, ulendo wa maola, ali ndi chifuwa chotere. Chimene palibe anatha kuwauza chinali cha mpandocho, ndipo munthu yekhayo amene anaona ndinali ine. Amayi anakhala nane m'nyumba miyezi yonse ija akuopa kundifunsa. Koma tsiku limenelo m'basi ya ku Germantown zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti ndapambana. Ndinatsamira paphewa pawo, ndikuyang'ana mitengo ikuthamanga panja, ndikudabwa kuti bwanji munthu amene wakhala pampando wabwinobwino akugwira chitsulo ngati waimirira.